Luso la Gabadinho Mhango: mphatso kapena thukuta?

Gabadinho Mhango anabadwa mu 1992. Anatchuka ku Big Bullets ku Blantyre, ndipo mu 2013 anapita ku Bloemfontein Celtic ku South Africa. Ali ku Orlando Pirates, anamwetsa zigoli 16 mu ligi ya 2019/20, mofanana ndi Peter Shalulile, ndipo awiriwa anagawana mphotho ya womwetsa zigoli zambiri.

Chimene Amalawi sadzaiwala chinachitika pa 25 Januwale 2022 ku Yaoundé. Flames ikusewera ndi Morocco mu mpikisano wa mayiko a mu Africa, Mhango anaona goloboyi Yassine Bounou atatalikira golo, ndipo anamenya mpira ali kutali kwambiri. Mpirawo unamudutsa Bounou pamutu n'kugwera mu ukonde. Malawi inagonja 2-1, koma chigolicho chinadzutsa funso lakale: luso lotere limachokera kuti?

Okhulupirira amati ndi mphatso ya Mulungu, ndipo sakulakwa, pakuti palibe mphunzitsi amene angapatse munthu diso loona mpata m'kanthawi kochepa chotero. Ena amangoti unali mwayi, maganizo amene amapeputsa zaka zonse zimene mwendowo unazolowera mpira. Fanizo la matalente mu Mateyu 25 limagwirizanitsa mphatso ndi thukuta: mbuye ndiye amapereka, koma amadzafunsa wantchito zimene anachita ndi chimene analandira.

Nthawi imeneyo Mhango sankapatsidwa mpata wokwanira ku Pirates, komabe anamwetsa zigoli 3 m'mpikisanowo. Mphatsoyo anachita kupatsidwa, koma kuisunga yakuthwa ali pabenchi inali ntchito yake.