Kodi Wogonja Ayenera Kusimbidwa Bwanji?

Pa 3 February 1915, m'dera la Migowi, lomwe nthawi imeneyo linali pansi pa boma la Mulanje, asilikali a atsamunda anaombera M'busa John Chilembwe. Ankathawira ku Mozambique, patangopita masiku 11 chiyambireni kuukira kwake. Tikanena mosapsatira, nkhondoyo inalephereka. Ku Magomero anthu ake anapha William Jervis Livingstone, woyang'anira minda ya A. L. Bruce, ndi azungu ena awiri, koma ku Mandala mu Blantyre anangopezako mfuti zochepa, ndipo mafumu ambiri sanadzuke nawo. Tchalitchi chake cha ku Mbombwe chinagwetsedwa, anthu pafupifupi 40 ananyongedwa kapena kuomberedwa, ena pafupifupi 300 anaponyedwa m'ndende. Funso ndi lakuti: kodi wolemba ali ndi ufulu wosandutsa kugonja koteroko kukhala chipambano?

Olemba ambiri amakopeka kutero. George Simeon Mwase, m'buku lomwe linatuluka mu 1967 ndi mutu wakuti Strike a Blow and Die, anajambula Chilembwe ngati munthu wodziwiratu kuti adzafa, wodzipereka nsembe monga John Brown wa ku America. Azungu nawo amachita zomwezo ndi zawo. Filimu ya A Bridge Too Far ya mu 1977 imaonetsa kugonja kwa asilikali a Britain ku Arnhem mu 1944, ndipo ngakhale sibisa kulakwitsa kwa akuluakulu a nkhondo, woonera amatuluka atagwidwa mtima ndi kulimba kwa anyamata aja. Vuto la kasimbidwe kotere ndi lakuti imfa imasanduka umboni wa chilungamo, ngati kuti aliyense wofera chinthu ndiye kuti chinthucho nchabwino. Komatu njira ya ku Migowi ikutsutsa chithunzi cha Mwase: munthu wolunjika kumalire amakhala akufuna moyo.

Chilungamo cha Chilembwe sichidalira mmene anafera. Chili mu thangata yemwe ankapsinja alimi m'minda ya A. L. Bruce, m'matchalitchi ake amene ankaotchedwa, ndi m'kalata yomwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kumapeto kwa 1914, yodandaula kuti osauka akufera nkhondo ya eni ake ku Karonga. Madandaulo amenewa anali oona asanagwire mfuti, ndipo akanakhalabe oona ngakhale akanaoloka malire n'kukalamba mwakachetechete. Nchifukwa chake mabuku monga Independent African la George Shepperson ndi Thomas Price la mu 1958, kapena Voices from the Chilembwe Rising la John McCracken, losonkhanitsa maumboni omwe anaperekedwa ku bungwe lofufuza za kuukirako, amamulemekeza koposa: amatisiya timve mantha, chisokonezo ndi mkwiyo wa anthu enieni.

Ena anganene kuti mtundu umafuna ngwazi yopanda banga, ndipo kufukula zofooka zake nkupereka chikwapu kwa atsamunda omwe ankamutcha wamisala. Nkhawa imeneyi njomveka, pakuti anthu olandidwa mbiri yawo amaigwiritsitsa akaipeza. Koma Baibulo lomwe Chilembwe ankalalikira silibisa kuti Petro anakana Mbuye wake katatu, kapena kuti Eliya anathawira kuchipululu, ndipo chikhulupiriro sichinagwe nazo. Tikabisa kuti m'busa analalikira Lamulungu mutu wa Livingstone uli poonekera, tikunamiza ana athu kuti kumenyera ufulu kulibe mafunso owawa. Tikabisa kuti mapulani anali osakhwima, tikuiwala amene anawalipira ndi khosi lawo, omwe nkhope zawo sizili pa ndalama ya K2000 monga ya Chilembwe.

Mlandu suola. Wodzajambula filimu ya nkhaniyi adzabwere ndi kamera kuno, m'munsi mwa phiri la Michesi, adzaonetse munthu wotopa, wodwala mphumu, akuyenda m'matope a dzinja ndi otsatira ochepa. Munthu ameneyo anagonjadi, koma zimene ankanena za thangata zinali zoona.