Zikhadabo za m'tauni, manja a kwa Nchilamwela

Uthenga wa maliro sudikira kuti munthu akonzeke. Foni ya kumudzi ikangolira, mtsikana wogwira ntchito m'sitolo ku Limbe kapena mu ofesi ku Blantyre amakhala ndi maola ochepa oti apeze chitenje, duku ndi ndalama ya minibasi. Koma pali kanthu kena kamene kamamusautsa kuposa thiransipoti: zikhadabo khumi zoikirira, zitalizitali, zofiira psuu, zimene adalipira ku saluni sabata yatha yomweyi. Kwawo ndi kwa Nchilamwela, pakati pa minda ya tiyi ya ku Thyolo, ndipo akudziwa kuti mawa kukamacha adzakhala pamafuwa ndi amayi anzake, kutsuka miphika ndi kuomola nsima ya adzukulu. Ndiye amayamba kuzizula. Wina ndi mano, wina ndi lezala, wina polowetsa ulusi kunsi kwa chikhadabo n'kukoka. Minibasi ikamadutsa pa Bvumbwe zala zili waa, zina zikutuluka timagazi.

Funso langa, awerengi anzanga, ndi ili: mwana ameneyu akuzula zikhadabozi chifukwa cha ulemu kapena chifukwa cha manyazi? Ambiri adzati n'chimodzimodzi. Ine ndikuti ayi, ndipo umboni wake uli pa zala zomwezo.

Tiyambe tadziwa chimene akulimbana nachocho. Zikhadabo za acrylic si zomata wamba ngati sitampa pa envulopu. Wa pa saluni amayamba wapala chikhadabo chenicheni kuti chikhale chokhakhala, kenaka amasakaniza ufa ndi timadzi tonunkha, n'kuumba phalalo pamwamba pake. Likauma limasanduka pulasitiki yolimba imene imagwirana ndi chikhadabo ngati simenti pa njerwa. Mankhwala ake ndi a mtundu umodzi ndi amene madokotala a mano amaumbira mano oikirira, ndipo n'zosadabwitsa kuti amene adayambitsa luso limeneli m'zaka za m'ma 1950 adali dokotala wa mano wa ku America, Fred Slack, yemwe adathyoka chikhadabo ali pantchito n'kuchikonza ndi zipangizo za m'chipatala mwake. Tsono chikhadabo cha munthu chili ngati mapepala opyapyala osanjikizana. Ukazula cha pamwambacho mwamphamvu, chimapita ndi mapepala ako angapo. Chotsalacho chimakhala chopyapyala, chofewa, chowawa chikakhudza madzi otentha. Ndipo chikhadabo sichipola ngati bala. Chimangokula, pafupifupi mamilimita 3 pamwezi, moti kuti chowonongekacho chithe chonse pamapita miyezi ngati 6. Mphindi zisanu za m'minibasi, malipiro ake theka la chaka.

Chikhalirecho njira yabwino ilipo, ndipo siyofuna sukulu. Wenga kaye kutalika konseko. Pala pamwamba ndi fayilo ya zikhadabo mpaka kuwala kwa utoto kutatha, koma osafika pa chikhadabo chako. Paka Vaseline pakhungu lozungulira. Nyika tithonje mu acetone weniweni, osati timadzi tofufutira utoto timene pabotolo pake palembedwa kuti mulibe acetone, ika pa chikhadabo chilichonse n'kukulunga ndi kapepala ka foyilo. Dikira mphindi 20 kapena 30. Pulasitiki ija imafewa ngati phula, ndipo umangoikankha pang'onopang'ono ndi kamtengo. Pamene pakukana, usakakamize, kulunganso. Pomaliza samba m'manja n'kudzola mafuta, chifukwa acetone amaumitsa khungu.

Chenjezo limodzi liyenera kunenedwa mokweza m'dziko la mbaula ndi koloboyi ngati lathu lino: acetone amayaka msanga, ndipo mpweya wake womwe umagwira moto. Osachitira pafupi ndi mafuwa, kandulo kapena munthu wosuta fodya, ndipo osamutenthetsa pamoto ati kuti agwire ntchito msanga. Pakhonde, podutsa mphepo, ndiye malo ake. Zikakanika kufewa ngakhale mutanyika kawiri, mwina adakuikani mankhwala otchipa otchedwa MMA, olimba mopitirira muyezo, amene boma la America lidayamba kulimbana nawo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 atavulaza anthu. Amenewo ndi ofunika kupala moleza mtima, kapena kubwerera kwa amene adakuikaniyo. Mukapeza kunsi kwabiriwira, ndi tizilombo tomwe timaswana madzi akamalowa pampata. Musaikenso zina pamwamba, ndipo pakatupa kapena kutuluka mafinya pitani kuchipatala.

Ntchito yonseyi ndi ya ola limodzi. Paja akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nanga bwanji mtsikana wanzeru, woti amawerengera ndalama za abwana ake tsiku ndi tsiku osasokoneza, amalephera kudekha ola limodzi? Sikuti nthawi imasowa, pakuti pamaliro pamakhala usiku wathunthu. Vuto ndi lakuti safuna kuti anthu a kwawo amuone nazo ngakhale kwa mphindi imodzi.

Chikhadabo chachitali chili ndi chinenero chake, ndipo n'chakale. Ku China, mfumukazi Cixi, yomwe idamwalira mu 1908, inkasunga zikhadabo zitalizitali n'kumazivala m'zisoti za golide. Tanthauzo lake aliyense ankalimva: manja awa sagwira khasu, alipo ondigwirira. Thorstein Veblen, m'buku lake la mu 1899 lotchedwa The Theory of the Leisure Class, adaona zomwezo pa zovala za anthu olemera a ku America, kuti chovala chimakwera ulemu chikamaonetsa kuti mwini wake sangagwire nacho ntchito ya thukuta. Mawu oterewa ukawalankhulira pa Victoria Avenue palibe amatembenuka. Kawalankhulireni kwa Nchilamwela muone.

Kumeneko manja ndiwo munda, ndiwo banki. Mayi wothyola tiyi amalowa m'munda mame asanaume, dengu kumsana, n'kumabudula timasamba tiwiri ndi kamphukira kake, manja onse awiri, kambirimbiri mpaka dengu lidzaze, kenaka pasikelo pamaso pa kapitawo. Nyengo ya mvula, pamene tiyi amaphuka kwambiri, amachita zimenezi atanyowa. Chala chachikulu ndi cholozera zimada ndi utomoni wa masamba, zimang'aluka, ndipo chikhadabo chimatha chokha osafuna chowengera. Manja otere ali ndi mbiri yaitali m'boma limeneli. Makolo a ambiri, makamaka Alhomwe, adachoka ku Mozambique kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 n'kupeza malo ali kale m'manja mwa azungu, ndipo kuti amange nyumba ankalipira ndi ntchito ya thangata. Esiteti ya Satemwa idayamba mu 1923, ya Conforzi dzina lake likadamvekabe mpaka lero, ndipo zipolowe za mu 1953, zimene zidaphetsa anthu, zidabukira ku Thyolo komweko. Mwana wobadwira m'mbiri yotereyi akafika ndi zala zonyezimira, amadziwa kuti maso adzayamba kugwera pa manja asanagwere pankhope.

Odzudzulawo ali ndi mfundo, tisawanyoze. Ife timadya ndi manja, timakanda ndi manja, timasambitsa mwana ndi wodwala ndi manja. Kunsi kwa chikhadabo chachitali kumabisala litsiro, ndipo n'chifukwa chake malangizo a bungwe la WHO a mu 2009 okhudza kusamba m'manja amaletsa ogwira odwala kuvala zikhadabo zoikirira. Komanso ntchito ya pamaliro ndi ngongole. Amene akukuphikira lero udzamuphikira mawa, ndipo palibe ndalama imene imalowa m'malo mwa kupezeka pamoto. Alipo atsikana, timawaona, amene amafika n'kukhala pampando, foni m'manja, n'kumaonetsa zala kuti pepani sindingathe. Amenewo akadakhala opanda zikhadabo akadapeza chifukwa china, mutu kapena msana. Munthu amene zikhadabo zikumulepheretsa kubweza ngongole ya pamudzi azichotse, ndipo pamenepa ndilibe mtsutso.

Koma taganizirani izi. Kodi manja osalalawo adalipira ndani? Si mayi yemwe uja wa zala zong'aluka? Makilogalamu a tiyi amene ankakwera pasikelo ndiwo adasanduka yunifolomu, makope ndi fizi ya kusekondale. Mayi ameneyu sadathyole tiyi zaka makumi awiri kuti mwana wake adzakhale ndi zala zonga zake. Adathyola kuti zisadzatero. Ndiye mwana akamabisa manjawo ngati katundu wakuba, akuuza mayi wake kuti chimene mudachivutikira chija n'chochititsa manyazi. Timakonda kunena kuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, ndipo timaunena mwambiwu kwa ana onyoza kwawo. N'zoona. Koma palinso kunyoza kwina kobisika, koganiza kuti mayi wako ndi wochepa mtima moti sangapirire kuona kuti zinthu zikukuyendera.

Ndipo kodi zikumuyenderadi? Apa mpamene chinenero cha mfumukazi Cixi chimatinamiza. Ambiri mwa atsikana ovala zikhadabozi alibe wantchito. Amachapa okha, amakolopa okha, amakhala m'chipinda chimodzi cha lendi ku Bangwe kapena ku Ndirande, ndipo mwezi ukatha gawo la malipiro limapita kumudzi pa foni. Nyumba sangamange, galimoto sangagule, koma zala khumi zokongola angathe. Ndi kachuma ka munthu wopanda chuma, kanthu koti akayang'ana pa kauntala azimva kuti nayenso ndi munthu. Kumuweruza ngati mfumukazi n'kulakwitsa sikelo.

Pali chinanso chimene chimandinyansa pa nkhani imeneyi. Dziko lino lili ndi chizolowezi choyeza khalidwe la mtundu wonse pa thupi la mkazi. Kuyambira mu 1973 mpaka 1993 lamulo linkaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo mu Januwale 2012, patatha zaka pafupifupi 20 lamulolo litafa, mavenda ena ankavulabe amayi m'misewu ya ku Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha thalauzi. Pamene mwamuna wa m'tauni akafika pamaliro ndi suti, nsapato zosongoka ndi makiyi a galimoto akulendewera, timamupatsa mpando wa ndalema ndi kumutcha bwana. Kumanda sagwira khasu, ndipo palibe amafunsa. Mukukumbukira akalaliki aja osunga chikhadabo chimodzi chachitali pa kachala kakang'ono? Uthenga wake udali womwewo, wakuti ine ndine wa cholembera. Sindidamvepo kuti wina adachiluma m'basi poopa kwawo.

Apa ndiye pali kusiyana kumene ndidanena kuja. Mtsikana wochotsa zikhadabo chifukwa cha ulemu amaganiza za ntchito imene ikumudikira: mawa pakufunika manja, ndiwakonze. Alibe chobisa, choncho angathe kufika nazo, kulonjera, kulira ndi anzake, kenaka madzulo n'kukhala pakhonde kutali ndi moto, kabotolo ndi thonje pambali. Wochotsa chifukwa cha manyazi amaganiza za maso a anthu, ndipo maso a anthu sapereka ola limodzi. Amazula, n'kufika ndi zala zoti sizingagwire mthiko wotentha kapena kulowa m'madzi a sopo. Taonani zodabwitsa: amene amafuna kuoneka wokonzeka kugwira ntchito ndiye amafika wosatha kuigwira.

Wina adzati ndikulota, pamaliro si malo ochitira za saluni, ndipo anthu adzayankhula. Adzayankhuladi. Amayankhula za duku, za chitenje, za amene walira kwambiri ndi amene sadalire. Koma amayi a m'malayini a pa esiteti si achilendo ku zodzikongoletsa. Ndi omwewo amalukana tsitsi Loweruka masana, ndipo agogo awo adapirira mphini ndi ndolo zowawa kuposa acetone. Mwa iwo simungalephere kupezeka mmodzi, mwina azakhali, mwina mlamu, woti n'kunena kuti bwera kuno mwana iwe, ndikukulungire, popeza dzanja lamanja silingadzikulunge lokha bwinobwino. Zala zozolowera kusankha kamphukira pakati pa masamba okhwima sizingavutike ndi kapepala ka foyilo.

Chokhacho, kabotolo ka acetone kagulidwiretu ku Limbe, m'famase kapena m'sitolo ya zodzoladzola, katsekedwe bwino ndipo kasakhale m'chikwama chimodzi ndi machesi. M'magolosale a m'mbali mwa esiteti mudzapeza shuga, sopo, mchere ndi timapaketi ta tiyi yemwe uja.