Tsiku loyamba ku Tokyo: maso patsogolo, pakamwa pambuyo

Mwana wa ku Japan akamakula, makolo amamubwerezera langizo limodzi: asachite meiwaku, kutanthauza kusowetsa anzake mtendere. Mlendo amene wagwira langizo limeneli sasokonezeka ndi zimene amaona pa tsiku lake loyamba ku Tokyo, chifukwa miyambo yambiri ya mumzindawu idamera pa tsinde lomweli.

Phunziro limayambira pa sitima. Pa siteshoni ya Shinjuku pamadutsa anthu oposa 3 miliyoni tsiku lililonse, koma simuona kukankhana pachitseko. Anthu amandanda pomwe palembedwa pansi, n'kudikira kuti otsika athe. M'sitimamo salankhula pa foni, poti amene akuwodzera pambali panu watopa ndi ntchito, ndipo kamphindi kameneko ndi kake kopumulira.

Mukafika ku Asakusa, kachisi wa Sensō-ji, wamkulu pa zaka kuposa onse mumzindawu, amakulandirani ndi chinyali chofiira cha pa chipata cha Kaminarimon. Mumsewu wa Nakamise mugula tokazinga tonunkhira, koma idyerani pomwe mwagulapo. Kudya mukuyenda m'chipiringu n'kudetsa zovala za eni. Musanayandikire popempherera, tungani madzi musambe dzanja lamanzere, kenako lamanja, n'kutsuka m'kamwa ndi madzi a m'chikhatho. Chotungiracho chisakhudze milomo yanu, pakuti wina akuchidikira kumbuyo kwanu.

Motaya zinyalala n'mosowa. Mabini ambiri adachotsedwa chiwembu cha mpweya wakupha chitachitika m'sitima zapansi panthaka mu 1995. Komabe misewu ndi yoyera, chifukwa aliyense amanyamula zinyalala zake m'chikwama mpaka kunyumba. Inunso teroni.

Madzulo, polowa modyera, yang'anani pakhomo: mukaona nsapato zitandandalikidwa, vulani zanu. Musanadye nenani "itadakimasu", mawu olandira chakudya moyamikira. Timitengo todyera musatizike mu mpunga, pakuti mpunga wotero amaikira womwalira, ndipo mungautse chisoni cha munthu amene simukumudziwa.

Kulakwitsa sikulephera pa tsiku loyamba. Mukaphonya, weramani pang'ono n'kunena "sumimasen", eni ake amvetsa. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mame akakamuka sasiya dothi pa tsamba. Inunso chokani ku Tokyo osasiya banga pa mtendere wa amene mudawapeza.