Magombe a ku Britain ndi malire a amuna ndi akazi

 Tiyeni tiganizireko za magombe a ku Britain.

M'zaka za m'ma 1800, mayi wofuna kusamba m'nyanja ku Scarborough kapena ku Brighton ankalowa m'kanyumba kamatabwa kokhala ndi mawilo. Hatchi inkakokera kanyumbako m'madzi, iye n'kuvulira m'katimo, kenako n'kutsika atavala chovala chachitali, cholemera chikanyowa, kuti anthu asamuone thupi. Amuna anali ndi chigawo chawo, ndipo kwa nthawi yaitali ambiri ankasamba ali maliseche. Manyazi onse anasenzetsedwa akazi, ndipo pamenepa panalibe chilungamo.

Njanji inasintha zambiri. Sitima itafika ku Blackpool mu 1846, m'kupita kwa zaka atsikana ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu ku Lancashire anayamba kupita kugombe ndi ndalama zawozawo, kutali ndi maso a makolo ndi akapitawo. Ankavina, kucheza ndi anyamata, n'kudzisankhira okha woyenda naye. Mu 1901, Bexhill-on-Sea inalola amuna ndi akazi kusambira pamodzi, ena akung'ung'udza.

Ku Brighton kunkathawira amuna okonda amuna anzawo, m'masiku amene lamulo linkawaponya m'ndende. Mtima umandiwawa ndikaganiza kuti munthu ankapita kukapuma kunyanja koma akucheukacheuka poopa apolisi. Lamulolo linafewetsedwa ku England ndi Wales mu 1967, koma kwa okhawo a zaka 21 kupita m'tsogolo, ndiponso mseri.