KODI MASEWERA ANGAUMBE MTIMA WA MWANA?

Kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, kufupi ndi Kalingalinga ndi Mtendere, kuli malo akulu a udzu wometedwa bwino, amene ndi bwalo la gofu la Chainama Hills. Ca ku mbali ya Longacres kuli linzace, la Lusaka Golf Club. Ana a m'makomboni amawadziwa malo awa, koma ambiri amawadziwira kunja kwa mpanda, ndipo amene alowamo amalowa kukanyamula thumba la ndodo la munthu wina. Tsono pali anthu amene amati ana otere aphunzitsidwe gofu, si kuti adzapate nayo ndalama cabe iai, koma kuti masewerawo awaphunzitse kunena zoona, ulemu, kudziletsa ndi kukhala bwino ndi anzao. Ganizo limeneli si la kuno kokha. Ku America kuli bungwe lochedwa First Tee, limene linayamba mu 1997, ndipo linaika makhalidwe asanu ndi anai kuti ana aziwaphunzira pamodzi ndi kagwiridwe ka ndodo. Funso limene ndifuna kuti tilingalire pamodzi, inu amene mwangotuluka sukulu, ndi ili: kodi masewera angaumbe mtima wa mwana, kapena amangoonetsa mtima umene mwanayo anabwera nao kucokera kwao?

Poyamba ndifotokoze masewerawo, pakuti ambiri a ife sitinawaonere pafupi. Pa bwalo lathunthu pali maenje 18, ndipo dzenje lililonse kukamwa kwace ndi mamilimita 108 okha. Munthu amamenya kampira koyera ndi ndodo ya mutu wacitsulo kufikira kagwere m'dzenjemo, nawerenga kuti wamenya kangati. Wopambana ndiye amene wamenya kocepa. Ndodo za m'thumba zisapitirire 14. Malamulo ace oyamba kulembedwa anali 13, ndipo analembedwa ku Leith m'dziko la Scotland mu 1744. Lero acuruka ndithu, koma tsinde la onse ndi limodzi: mpira uumenye pamene waupeza. Ukagwa m'thengo, ukakhala kuseri kwa mtengo, ukamira mumcenga, suloledwa kuukankhira pabwino.

Apa ndipo gofu asiyana ndi masewera amene tinakula nao. Ana akamamenya cimpombwa pa pfumbi la ku Chawama, mlandu uliwonse umatha ndi mkangano, ndipo wa mau akulu ndiye apambana; akakula, woyimbira mpira ndi wezulo wace ndiye aweruza. Pa nsolo, pansi pa mtengo ku Matero, maso a oonerera ndiwo alonda, ndipo wobisa mwala m'dzanja sacedwa kugwidwa. Koma pa gofu munthu kawirikawiri amakhala yekha m'udzu wautali, mnzace ali kutsidya la bwalo. Mpira ukasuntha cifukwa ca iye, lamulo limati adzinenere yekha ndi kudziwonjezera kumenya kumodzi. Woweruza ndi wolakwa ali m'thupi limodzi.

Mu 1925, pa mpikisano wa US Open ku Worcester, Bobby Jones anali kukonzekera kumenya, ndipo mpira wace unasuntha pang'ono m'udzu. Amene anali naye sanaone kanthu, koma iye anaumirira kuti alembedwe cilango. Pa mapeto analingana ndi Willie Macfarlane, ndipo pobwereza anagonja. Cikhala kuti anakhala cete, cikho cikanakhala cace. Anthu atayamba kumtamanda iye anakana, nati kutero kuli monga kutamanda munthu cifukwa sanabe ku banki. Mau amenewa ndiwo andikondweretsa koposa cocita cace. Munthu amene aona kunena zoona ngati cinthu codabwitsa akali kutali nako.

Palinso nkhani ya kapepala. Aliyense amalemberedwa ziwerengero zace ndi mnzace, ndipo potsiriza amayang'ana nasaina. Mu 1968, pa mpikisano wa Masters ku Augusta, Roberto De Vicenzo wa ku Argentina anamenya katatu pa dzenje la 17, koma mnzace Tommy Aaron analemba 4. De Vicenzo anasaina osayang'anitsa, ndipo 4 uja anakhala momwemo. Bob Goalby anapambana ndi kumenya kumodzi kumeneko. De Vicenzo sanaimbe mlandu wolembayo, anadziimba yekha. Ife amene tigwira nchito ya ukalaliki m'maofesi a boma tidziwa kulemera kwa nkhani iyi. Tsiku lonse tilemba manambala m'mabuku amene mwina palibe adzawatsegula kufikira caka camawa, ndipo dzina limene munthu waika pansi pa pepala limamtsata ngakhale atasamutsidwira ku Mongu. Mwana wa zaka khumi akazolowera kuti asanasaine ayambe wawerenga, ndi kuti akasaina cinthuco ncace, wapata cuma cimene ena a ife tinacipata ndevu zitamera.

Kufikira pano onena zabwino za gofu ali ndi mfundo, ndipo sindiwatsutsa. Koma tsopano imvani mbali yina.

Ku Durban kunali munthu wa mtundu wa Amwenye, Papwa Sewgolum, amene anakula ali wonyamula thumba, nadziphunzitsa yekha kumenya, dzanja lamanzere pansi lamanja pamwamba, mosiyana ndi anthu ambiri. Anapambana Dutch Open mu 1959, 1960 ndi 1964, ndiponso Natal Open mu 1963 ndi 1965. Koma kwao komweko, pakulandira mphotho ya Natal Open, anaimikidwa panja mvula iri kugwa, cifukwa lamulo la tsankho silinamlole kulowa m'nyumba ya kalabu. Anamwalira wosauka mu 1978. Lingalirani za anthu amene anali m'nyumba muja tsiku lija. Ambiri a iwo anali oti sakanasuntha mpira ngakhale ndi cala, anali kukhala cete mnzao pomenya, anali kugwirana canza potsiriza. Gofu anawaphunzitsa zonsezi kuyambira ubwana, koma sanawaphunzitse kuona munthu amene anali kubvumbwa pa khomo pao. Kuno kwathunso, m'masiku a Northern Rhodesia, Mwafrika anali kulowa pa bwalo la gofu monga wanchito. Ufulu utadza mu 1964 zipata zinatseguka, ndipo Dr Kenneth Kaunda mwini anali kukonda gofu, nasewera pa bwalo la ku State House. Mpanda wa khungu unagwa, koma wa ndalama unatsala, ndipo mwana wa ku Kanyama amaudziwa bwino.

Cotero munthu angathe kukhala wolungama pa udzu wometa, nakhala wokhota kunja kwace. Masewera amaphunzitsa malamulo a masewerawo. Kuti cilungamo cituluke pa cipata ca kalabu ndi kufika ku msika, ku ofesi ndi ku nyumba, pafunika munthu wocinyamula, ndiye mphunzitsi.

Bvuto lina ndi la ulemu, ndipo ili ndilo lindisautsa kwambiri. Mwana wa m'komboni akalowa pa malo a anthu olemera, amabvula cipewa, amalankhula motsitsa, amayenda pambuyo. Woona amati mwanayu waphunzira ulemu. Koma mwina ndi mantha cabe, ndipo mantha ndi ulemu zimabvala malaya ofanana. Kusiyana kwace kumaoneka pa tsiku la mayeso. Tinene kuti bwana wamenya mpira nugwa pa malo oipa, ndipo mnyamata wonyamula thumba wafikapo coyamba. Adziwa kuti akaukankha pang'ono ndi phazi bwana adzakondwa, ndipo madzulo dzanja lace lidzakhala lotambasuka. Adziwanso kuti kunyumba kulibe ufa. Mnyamata wamantha adzaukankha, pakuti nchito yace ndiyo kukondweretsa. Mnyamata waulemu adzausiya pomwepo, ndipo bwana akamfunsa kuti ndamenya kangati, adzayankha mofatsa kuti kasanu ndi kawiri, ngakhale bwanayo afuna kumva kasanu ndi kamodzi. Ngati maphunziro a gofu atulutsa ana ogwada bwino koma osatha kunena "kasanu ndi kawiri" pamaso pa wamkulu, ndiye kuti taphunzitsa anchito omvera, ndipo dziko lino linakhala nao okwanira kale.

Wina adzati, nkwapafupi kwa kalaliki wolandira malipiro pa mwezi kulalikira za kunena zoona kwa mwana wanjala. Mau awa ali ndi coonadi cace. Jones anataya cikho, koma anapita kwao kukadya. Mnyamata wa ku George akatola mpira wotayika m'thengo, nauika m'thumba kuti akaugulitse, cimene afuna ndi cakudya ca tsiku limenelo. Sindingamuike pa muyeso umodzi ndi munthu wokhuta amene anama pa kapepala kuti apate ulemerero. Komabe sindibvomera kuti kunena zoona ndi cobvala ca olemera. Amai amene aphwanya miyala m'mbali mwa mseu ku Kalingalinga amasiyirana milu yao akapita ku maliro, napeza ndalama zao zosungidwa bwino. A cilimba m'misika amapatsana ndalama mwezi ndi mwezi popanda pepala kapena mboni. Ana a m'komboni sadza ku gofu ali opanda kanthu; adza ndi mwambo umene anauona kwa amai ao. Wophunzitsa amene aganiza kuti abweretsa khalidwe kumene kunalibe walakwa asanayambe. Koma ayenera kudziwanso kuti pomuuza mwana kuti abweze mpira, pali cimene mwanayo ataya, ndipo ngati maphunzirowo alibe ngakhale kapu ya maheu pambali pace, ulaliki wace udzauluka ndi mphepo.

Makolo athu anali kunena kuti kuongola mtengo mpoyamba, koma sanali kuuongola ndi mndandanda wa mau. Mnyamata anali kuphunzira kukhulupirika pobusa mbuzi, pamene zinalowa m'munda wa eni iye ali mtulo, ndipo madzulo anayenera kunena. Mtsikana anali kuphunzira kugawa potapa nsima. Ku mphala ndi ku cinamwali mwambo unali kudza pamodzi ndi cocita, ndiponso kucokera kwa munthu amene anawo anali kumuona tsiku ndi tsiku. Makhalidwe asanu ndi anai olembedwa pa khoma ndi abwino, ndipo ana athu, amene azolowera kuloweza ku sukulu, adzawachula onse osaphonya pa sabata limodzi. Kuloweza kotere ndakuona kwambiri. Ife a ku mishoni tinaloweza malamulo khumi tisanadziwe tanthauzo la theka lace. Phindu la gofu, monga ndiona ine, liri pa ici cokha, kuti amamuika mwana pa mayeso ang'onoang'ono kambirimbiri tsiku limodzi, pamene mtengo wa kulephera uli wocepa. Akhoza kunama lero pa dzenje lacitatu, namva kuwawa kwace, nanena zoona pa lacinai. Amaphunzira kusalaza mcenga umene waponda cifukwa ca wina amene adza pambuyo, munthu amene sadzamuona nkomwe. Amaphunzira kuti ukali umakhotetsa mpira, ndi kuti kuona maso a nkhono nkudekha. Izi ndi mbuzi za ana a m'tauni, amene alibe mbuzi zobusa.

Ndicenjezenso za ciyembekezo. Zambia Open anayamba mu 1972, ndipo akatswiri a kunja anadza kudzasewera kuno. Ian Woosnam anapambana mu 1985, napambananso Masters mu 1991. Mwana wa dziko lino, Madalitso Muthiya, anaphunzira ku University of New Mexico, ndipo mu 2006 anakhala Mzambia woyamba kusewera US Open, ku Winged Foot. Nkoyenera kuti ana amve dzina lace. Koma njira imeneyo ndi yopapatiza, ndipo wouza ana makumi anai kuti onse adzafika kumeneko wayamba phunziro la kunena zoona ndi bodza.

Nanga aphunzitse ndani? Ine ndikanasankha anyamata akuluakulu onyamula matumba, amene akhala pa mabwalo awa zaka zambiri, nagona m'makomboni omwewo. Amadziwa kumene udzu ukhotetsa mpira, amadziwa abwana onama ndi oona, ndipo ana amawaona madzulo pa mpopi ndi pa kantemba, kumene khalidwe silibisika. Inu amene mwatuluka sukulu ndipo mulibe nchito, ena a inu mudzanyamula matumba amenewa, ndipo ang'ono anu adzayang'ana phazi lanu pamene mpira wagwa pa malo oipa. Kuyamba sikufuna udzu wometa. Ndodo zakale ziwiri, citini cokwiriridwa pa bwalo la sukulu ku Mtendere, pensulo ndi kapepala, nzokwanira kuti ana awiri alemberane ziwerengero ndi kusainirana. Koma a makalabu nawo akhale ndi tsiku limene anawo adzalowa pa cipata cacikulu, nasewera maenje enieni, nakhala pa mpando m'kati mwa nyumba mvula ikagwa.