Mowa ukakhala m'botolo la mankhwala

Sabata yatha tikuweruka, bambo wina wa m'gulu lathu lino la ku Mwaya ananditengera pambali n'kundionetsa kabotolo kamene mwana wawo anawatumizira kuchokera ku Johannesburg. Ndi mankhwala azitsamba a chifuwa, koma pambali analembapo kuti muli mowa wokwana 40 peresenti. Funso lawo linali lalifupi: ndimwe kapena nditaye?

Opanga mankhwalawo sathiramo mowa mwachibwana. M'mizu ndi m'makungwa muli zinthu zina, monga utomoni, zimene madzi satha kuzisungunula bwino koma mowa umazikoka. Umatetezanso kuti asawole. Masamba a nimu owiritsa amasasa pakangopita masiku ochepa, makamaka ndi kutentha kwa kunyanja kuno, pamene zoviika mu mowa zimakhala miyezi yambiri.

Mu Kitáb-i-Aqdas, buku limene Bahá'u'lláh anavumbulutsa ku 'Akká cha mu 1873, chakumwa choledzeretsa n'choletsedwa chifukwa chimalanda munthu nzeru zimene Mulungu anam'patsa. Buku lomwelo limatiuza kuti tikadwala tipite kwa madokotala odziwa ntchito yawo, ndipo ziphunzitso zathu zimalola mowa ngati dokotala wotero waulamula monga mbali ya chithandizo.

Tiwerengere. Kasupuni ka mamililita 5 ka mankhwala a bambo aja kali ndi mamililita 2 a mowa weniweni. Botolo la mowa la mamililita 330, la 5 peresenti, lili ndi oposa 16. Kasupuni kamodzi sikangaledzeretse munthu wamkulu.

Komabe sindinawauze kuti angomwa. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mmene mawu oti "mankhwala" amabisira zinthu. Tonse tikuwadziwa anthu amene amaviika gondolosi mu kachasu n'kumamwa tambula yodzadza madzulo aliwonse, amvekere n'zolimbitsa thupi. Palibe dokotala anawayeza, mlingo palibe, ndipo tsiku loleka silidziwika. Muzuwo ukatha mphamvu amangowonjezera kachasuyo. Pamenepo wodwala, dokotala ndi wofuna mowa ndi munthu mmodzi yemweyo, ndiye angatsutse mnzake ndani? Ine ndikuona kuti n'chifukwa chake chilolezo chinaikidwa m'manja mwa dokotala, osati mwa womwayo.

Palinso amene anasiya mowa movutikira. Kwa iwo fungo lokha la kasupuni kaja likhoza kudzutsa chilakolako chimene chinagona zaka zambiri, choncho ayenera kumuuza dokotala mbiri yawo mosabisa, ndi kufunsa ngati pali mapiritsi kapena mankhwala ena opanda mowa.

Bambo aja tinagwirizana kuti apite nako kabotoloko kuchipatala cha Chintheche. Chifuwa chawo chatha milungu itatu, ndipo pafunika kuyezetsa makhololo kuti aone ngati si TB asanaganize n'komwe za kasupuni.