Kodi Ndani Ayenera Kusunga Kachisi Eni Ake Atachoka?

MAKILOMITA oŵerengeka kumadzulo kwa Hatfield, mu Pretoria, kuli Marabastad, kumene ambiri amapita kukagula zovala zotsika mtengo kapena kukakwera minibasi. Pakati pa masitolo ndi phokosolo pali kachisi wa Ahindu wotchedwa Mariamman, wa chipata chachitali chokongoletsedwa ndi zoumbaumba. Anamangidwa ndi Atamil, mbadwa za anthu ochokera kummwera kwa India. Komano pansi pa lamulo la Group Areas Act la 1950, boma la tsankho linasamutsira Amwenye ku Laudium, monga momwe anthu akuda anali atawasamutsira ku Atteridgeville. Nyumba zambiri zinagwetsedwa. Kachisiyo anatsala, ndipo olambira ake amachita kubwera kuchokera kwina.

Kodi anansi a nyumba yoteroyo, amene samalambiramo, ali ndi thayo lililonse pa iyo? Ku Marabastad funsolo nlopepukirapo, pakuti Laudium sali kutali. Koma bwanji ngati eni ake anawoloka malire a dziko? Talingalirani za mudzi wina wa ku Bengal.

Njerwa Zosimba Nkhani

Puthia ali m'chigawo cha Rajshahi, m'dziko limene lerolino limatchedwa Bangladesh. M'mphepete mwa maiŵe ake muli akachisi ambiri akale, omangidwa ndi banja la Ahindu limene linali mwini minda ya kumeneko. Kachisi wamkulu wa Shiva ngwa mu 1823. Pamene India anagaŵidwa mu 1947, Puthia anagwera kumbali imene Asilamu anali ochuluka, ndipo Ahindu ambiri a m'dzikolo, kuphatikizapo eni minda, anasamukira ku India.

Kodi nchifukwa ninji akachisi a ku Bengal ali a njerwa? Chifukwa chakuti dzikolo nla dothi lokokoloka ndi mitsinje yaikulu, ndipo miyala imasoŵa. Chotero amisiri anagwiritsira ntchito chimene anali nacho: dongo. Aliyense amene anaumbapo njerwa kumudzi akudziŵa ntchito yake, kuponda dothi, kuliika m'chikombole, kuliumitsa ndi kuliotcha mu uvuni. Amisiri ameneŵa anapitirira pamenepo. Pa timapale tadongo anazokotapo zithunzithunzi, natiotcha, natimata pakhoma kuyambira pansi mpaka pamwamba. Ndiponso madenga a akachisi ena anawapinda motsanzira tsindwi la udzu la nyumba ya mlimi wamba, monga momwe kachisi wa Jor Bangla wa mu 1655 ku Bishnupur amasonyezera.

Nzoona kuti zithunzithunzi zambiri nza milungu ndi nthano za Chihindu. Komabe, pamakoma a akachisi ambiri a ku Bengal palinso alenje, opalasa ngalaŵa, oimba ng'oma, akazi ali pantchito zawo, ngakhale Azungu ovala zipeŵa. Anthu wamba ameneŵa sanasiye mabuku. Mbali yaikulu ya zimene tingaone ponena za moyo wawo ili padongo lootchalo.

Zifukwa Ziŵiri Zokanira

Wina anganene kuti: Kodi mudzi wosauka uyenera kuwonongera ndalama pa khoma lakale pamene ukusoŵa chipatala? Chifukwa chimenechi ncholemera, ndipo sitiyenera kuchipeputsa. Palibe amene angauze mayi wa mwana wodwala kuti njerwa ziyambe zathandizidwa.

Chifukwa chachiŵiri nchachikumbumtima. Munthu wa chipembedzo china angaope kuti kusamalira kachisi ndiko kuvomereza kulambira kochitidwa mmenemo. Koma kodi zilidi tero? Munthu amene mnansi wake wapita paulendo nam'siyira nyumba amathamangitsa mbuzi pakhonde ndi kutseka pamene pakudontha. Mwakutero sanakhale wa banja limenelo, ndipo sanavomereze zonse zimene iwo amakhulupirira. Iye wangokana kupindula ndi kusakhalapo kwa mnzake. Ndipotu kumene anthu anachoka mokakamizidwa kapena mwamantha, nkhaniyo imakula. Ngati kachisi wa ku Marabastad akanagwa, kukanakhala kosavuta kwa mbadwo wotsatira kuganiza kuti Amwenye sanakhaleko konse kumeneko. Kulekerera nyumba yoteroyo kuti igwe ndiko kumaliza mwakachetechete ntchito imene owathamangitsawo anaiyamba.

Ena osakhala Ahindu anaona zimenezi kalekale. David McCutchion, Mngelezi amene anali mphunzitsi ku Calcutta, anathera zaka zambiri akuyenda m'midzi ya Bengal, kumbali zonse ziŵiri za malire, akumajambula ndi kulemba za akachisi a njerwa kufikira imfa yake mu 1972. Ku Puthia, akachisiwo ali m'chisamaliro cha dipatimenti ya boma la Bangladesh yoona za zinthu zakale, m'dziko limene anthu ochuluka ali Asilamu.

Nanga bwanji za ndalama zija? M'chenicheni, mdani wamkulu wa njerwa zimenezi samabwera ndi nyundo. Chinyontho chimakwera kuchokera pansi ndi mchere wake nichifumbutsa dongolo. Akuba amamatula timapale kukagulitsa. Ndiyeno pali mbalame, zimene zimasiya njere za mitengo ya mtundu wa kachere m'ming'alu ya padenga. Chaka choyamba, kamtengoko angakazule ndi mwana amene, popanda kulipira kanthu. Kakalekereredwa zaka 20, mizu yake imakhala italoŵa khoma lonse, ndipo ngakhale amisiri a boma amazengereza kuudula mtengowo, pakuti tsopano ndiwo ukugwiriziza njerwazo.